ULENDO WA UTHENGA WA MALONDA

Mau onenedwa kwa aphunzitsi a masukulu a kumidzi pa msonkhano wao



Munthu wocokera ku Chipata akalowa mu Lusaka pa mseu waukuru wa kum'mawa, amayamba kuona nyumba za ku Chelstone, napitirira kufikira pakati pa mzinda. Akaoloka njanji, nalunjika cakumadzulo kupyola mseu wa Lumumba, amafika ku malo kumene kulibe maluwa onga a ku Kabulonga, kapena mithunzi yonga ya ku Woodlands. Kumeneko ndiko ku Heavy Industrial Area. Kuli pfumbi, mipanda yaitali, mafakitale, nyumba zazikuru zosungiramo katundu, ndi malole oima pa mzere m'mbali mwa mseu wa Mungwi. Katundu wambiri wogulidwa m'masitolo a ku Petauke, ku Katete ndi ku Lundazi amagona kumeneko asanayambe ulendo wace.

Lole imaoneka ndi maso, ndipo phokoso lace limamveka patali. Koma lole siinyamuka uthenga woitanitsa katundu usanafike, ndipo uthengawo suyenda pa mseu. Njira yace ndiyo nkhani ya phunziro limene ophunzira za malonda ndi za makompyuta amakomana nalo poyamba ku koleji. M'makoleji ambiri dzina lace pa Cingerezi ndi Business Data Communications and Networking, ndiko kunena kutumizirana mau ndi ziwerengero za malonda pakati pa makompyuta olumikizidwa. Ena mwa ana amene ali m'makalasi anu lero adzapita ku Evelyn Hone College kapena ku University of Zambia, nadzakhala m'cipinda cimodzi ndi anzao amene anakula ndi kompyuta m'nyumba ya atate ao. Kodi mwana wa kumudzi adzalimba pamenepo? Adzalimba ndithu, ngati mphunzitsi wace adziwa kuti maziko a phunziroli saikidwa ndi makina.

Taganizani za mwini sitolo wa ku Katete m'mwezi wa October. Mitambo yayamba kusonkhana, alimi akubwera kudzafunsa fetereza, ndipo iye walemba pa foni yace kuti afuna matumba 200 ku nyumba ina yosungiramo katundu ku Lusaka.

Coyamba cimene wophunzira amauzidwa ndi cakuti makina sadziwa zilembo kapena manambala monga munthu awadziwira. Amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima, zimene zimalembedwa 1 ndi 0. Cimodzi ca izi dzina lace ndi bit, ndipo zikakhala zisanu ndi zitatu pamodzi zimapanga byte. Cotero nambala 200 ingalembedwe 11001000. Tsono mphezi ikang'anima, kapena nthambo ikakhala ndi cilema, 1 woyambayo angathe kusanduka 0, ndipo nambala yofika ku Lusaka ikhala 72. Kadontho kamodzi kadya matumba 128, ndiwo minda ya mabanja ambiri. Cifukwa cace makina otumiza amawerengera zimene atumiza, nalemba cotsatira cace kumapeto. Makina olandira amawerengeranso okha, ndipo ngati ziwerengero ziwirizo zisiyana, amataya cimene alandira. Mphunzitsi ali yense amene anaonkhetsapo kaundula wa kalasi pa Lacisanu, mizere yopingasa ndi mizere yotsika, napeza kuti sizikugwirizana, nayambanso, akudziwa kale nzeru imeneyi.

Caciwiri ndico cimene cinasintha dziko. Lamya ya kale inali kulumikiza anthu awiri pa nthambo imodzi, ndipo nthamboyo inali yao kufikira atatha kulankhula, ngakhale pamene onse awiri ali cete. Ena onse anali kudikira. M'zaka za m'ma 1960 anthu awiri, Paul Baran ku America ndi Donald Davies ku Britain, ali yense payekha, anaona kuti makompyuta sayenera kutero. Uthenga udulidwe m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kali konse kanyamule keyala ya kumene kakupita, keyala ya kumene kacokera, ndi nambala ya malo ace pa mzere. Kawirikawiri kaphukusi kamodzi sikapitirira ma byte 1,500. Timaphukusi ta anthu zikwi timayenda pa nthambo imodzi mosinthana, monga matumba a eni osiyana m'ngolo imodzi ya sitima. Pa mphambano iri yonse pali makina, dzina lace router, amene nchito yace ndi yonga ya kalaliki wosankha makalata ku positi: sawerenga za m'kati, amangoona keyala, napereka kaphukusi ku mphambano yotsatira. Njira imodzi ikaduka amafuna yina. Motero kaphukusi kacisanu kangathe kufika kacitatu kasanafike, ndipo kena kangathe kutayika konse.

Pamenepa pali mwambo wa kulandirana. Wolandira amandandalika timaphukusi monga mwa manambala ace, nabweza mau akuti walandira kufikira pa nambala yakuti. Wotumiza akadikira osamva yankho, amatumizanso. Malamulo amenewa analembedwa ndi Vinton Cerf ndi Robert Kahn m'caka ca 1974, nayamba kugwira nchito pa netiweki yaikuru ya ku America pa 1 January 1983. Dzina lace ndi TCP/IP, ndipo intaneti yonse yaima pa iwo. Si nzeru yacilendo kwa Acewa. Mthenga wa mfumu sanali kuyesedwa kuti watha ulendo kufikira atabwerako ndi mau a kumene anatumidwa.

Pali mbali yina imene imaliza ophunzira ambiri, ndiyo ya magawo asanu ndi awiri osanjikizana, amene bungwe la miyezo la dziko lonse linakhazikitsa m'caka ca 1984. Ophunzira amaloweza maina ace usiku wa mayeso, naiwala m'mawa mwace. Koma tanthauzo lace ndi lapafupi. Mphunzitsi wamkuru amalemba kalata. Wina amaiika mu envulopu nalemba keyala. Mnyamata amapita nayo ku positi pa njinga. A positi amaiika m'thumba. Woyendetsa basi amanyamula thumbalo. Woyendetsa basi safunika kudziwa za m'kalata, ndipo mphunzitsi wamkuru safunika kudziwa kuyendetsa basi. Njinga ikatyoka, mnyamata angapite wapansi, kalata osasintha. Ndipo kalata ikapanda kufika, munthu wanzeru amafunsa gawo ndi gawo, kuyambira pansi: kodi basi inanyamuka? Mmisiri wa netiweki amayambanso comweco, kuona ngati nthambo yalowa bwino ndi ngati nyale yace ikuyaka. Wongoloweza maina, pa nthawi yotere amaima manja ali m'thumba.

Nanga uthenga wa ku Katete umayenda pa ciani? Kucokera pa foni umauluka ndi mafunde a wailesi kufikira pa nsanja yapafupi. Kucokera pamenepo, kapena pa nsanja yina ya patsogolo, umalowa m'nthambo ya galasi yoonda ngati tsitsi, m'mene umayenda ngati kuphethira kwa kuunika, makilomita 200,000 pa sekondi imodzi. Nthambo zina zinakwiriridwa m'mbali mwa miseu, zina zinapacikidwa pa nsanja za magetsi za ZESCO. Mtunda wa pafupifupi makilomita 500, umene lole yolemedwa imathera tsiku, kuunika kumaudutsa munthu asanaphethire. Nthawi zina uthengawo suima ku Lusaka, pakuti makampani ambiri amasunga mabuku ao m'makompyuta a ku Johannesburg kapena a ku Ulaya. Zambia alibe nyanja yamcere. Cotero amadalira nthambo zopyola maiko a anansi kukakomana ndi zija zogona pansi pa nyanja, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 kum'mawa, ndi WACS ya 2012 kumadzulo. Nangula wa combo akakola nthambo kutali ndi gombe, kalaliki wa ku mseu wa Mungwi amamva kupweteka kwace.

Njira zimenezi sizinamangidwe tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1890 waya wa telegalamu unakokedwa kudzera ku Tete, ku Blantyre ndi ku Karonga kufikira ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. M'caka ca 1974 mbale yaikuru ya ku Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, inayamba kulankhula ndi setilaiti yokhala makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba. Kuyambira 1991 kompyuta ya ku University of Zambia inali kuimba lamya ku Rhodes University ku South Africa pa nthawi zoikika, kupereka makalata osonkhanitsidwa ndi kulandira ena. Ndipo m'caka ca 1994 kampani ya ZAMNET, yobadwira pa yunivesite pomwepo, inalowetsa Zambia pa intaneti kotheratu, maiko ambiri a mu Africa asanatero.

Uthenga ukafika ku nyumba yosungiramo katundu umalowa m'netiweki yaing'ono ya m'kati mwa mpanda. Pakati pace pali bokosi, dzina lace switch, ndipo nthambo zimaturuka m'menemo kupita kwa kalaliki wa malonda, kwa kapitao wa katundu, ku sikelo yoyezera malole, ndi kwa mlonda wa pa cipata. Nthambo ya mkuwa ya mtundu umenewu siiloledwa kupitirira mamita 100. Ndipo popeza mabwalo a kumeneko ndi akuru, wophunzira ayenera kutenga cingwe coyezera, nawerengera pamene adzaika bokosi laciwiri kapena nthambo ya galasi. Iyi ndi masamu a ku pulaimale, ovala zobvala za ku tauni. Kalaliki akabvomera matumba 200, ciwerengero ca m'buku cimatsika, kapitao amaona lamulo lakupakira, banki imatsimikiza malipiro, ndipo kuyambira m'caka ca 2024 lisiti la msonkho limalembedwanso ku Zambia Revenue Authority mwa njira yochedwa Smart Invoice.

Cinthu cimodzi cikaduka pa mzere umenewu, zonse zimaima. M'caka comweco ca 2024 cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Pamene netiweki yagona, matumba ali pomwepo, lole iri pomwepo, koma cipata sicitseguka. Woyendetsa amagona m'lole. Aganyu olipidwa monga mwa matumba amene asenza amabwerera kwao madzulo cimanjamanja. Ndipo ku Katete mvula siidikira lisiti. Ndico cifukwa cace phunziroli limakamba za mabatire, za majenereta, ndi za kukhala ndi njira ziwiri za makampani osiyana. Ndipo limafunsa wophunzira funso la malonda, lakuti njira yaciwiri idya ndalama zingati pa mwezi, ndi tsiku limodzi la malole oima lidya zingati.

Walira mvula walira matope. Njira yofulumiza wamalonda imafulumizanso mbala. Wakuba wa masiku ano sakumba khoma. Amatumiza kalata yooneka ngati yocokera kwa wogulitsa wodziwika, nanena kuti nambala ya ku banki yasintha, kapena amaimba foni napempha nambala yacinsinsi. Ophunzira amaphunzira kubisa uthenga kotero kuti wougwira pa njira asauwerenge, ndi kuika mpanda pa cipata ca netiweki. Koma mpanda suteteza nyumba imene wa m'kati watsegula yekha. Ndiponso mmisiri wosunga netiweki ali ngati kalaliki wa positi wokhala ndi mfungulo za matumba onse: malipiro a anchito, ngongole za ogula, makalata a bwana, zonse zimadutsa m'manja mwace. Dziko linaika lamulo lakuteteza zinsinsi za anthu m'caka ca 2021, koma lamulo limalanga pambuyo pace. Kukhulupirika kumaphunziridwa pamene mwana atumidwa ndi kalata yosamata, naifikitsa osaitsegula. M'mera mpoyamba.

Aphunzitsi ambiri adzati, masukulu a kumidzi alibe makina. Ndi zoona, ndipo si cinthu cocepa. Pamene mayeso oyamba a makompyuta a Grade 9 analembedwa m'caka ca 2015, m'masukulu ena ana anadikira kufikira usiku, cifukwa makina anali owerengeka ndipo ana anali ambiri. Kupempha makina ndi magetsi kusaleke. Koma podikira, pali zocita. Miyala isanu iikidwe pa mzere, uli wonse ndi mtengo wace: 16, 8, 4, 2, 1. Mwala wobvundikiridwa ndi tsamba ndi 0, wooneka ndi 1. Ana a Grade 5 amapeza okha kuti angathe kuonetsa nambala iri yonse kufikira 31, ndipo wina wocenjera amafunsa cimene mwala wacisanu ndi cimodzi ungacite. Maphunziro akale a kulemba kalata, keyala yathunthu pa malo ace ndi keyala ya wotumiza kumbuyo, asayesedwe otha nchito. Keyala ya kompyuta, manambala anai oyambira pa 0 kufikira 255, imakana colakwa koposa positi.

Masewera ena ndi awa. Mphunzitsi alembe ciganizo cimodzi, nacidule m'tizidutswa tisanu ndi kamodzi, kali konse ndi nambala yace ndi dzina la wolandira. Ana ena aime pa mphambano za bwalo, wina pa mtengo wa mango, wina pa citsime, wina kuseri kwa chalichi, ndipo ali yense aloledwe kupatsira mnzace woyandikana naye yekha. Tizidutswa tituruke ndi njira zosiyana. Ndipo mphunzitsi abise kacinai m'thumba lace, osauza munthu. Wolandira wina adzakhala cete, nayembekeza. Wina adzapeka mau osowawo, nawerenga ciganizo molimba mtima ngati cathunthu. Ameneyo afunsidwe za matumba 72 aja. Wina adzalemba pa kapepala kuti kacinai sikanafike, naika dzina la wotumiza, nakabweza pa njira yomweyo. Masewerawa amafuna pepala limodzi ndi mphindi 20, ndipo amakoma koposa ngati magulu awiri atumiza pa nthawi imodzi, ana a pa mphambano nasokonezeka ndi makeyala.