Geni ya lero siyendera nzeru za dzana: mawu a gulu la ku Berea

 Mwatipempha kuti tifotokoze momwe geni zathu zapulumukira zaka zonsezi. Tinena zomwe zatithandiza, osabisa pomwe tinagwa.

Pamene tinkayamba, geni inali ya miyendo. Tinkalawirira ku Park Station kukachingamira mabasi a kumudzi, n'kulandira usipa, nyemba, mpunga wa Kilombero ndi zitenje. Zina tinkakayala ku Yeoville, zina tinkayenda nazo m'mafulati a Berea ndi Hillbrow. Ndalama tinkamanga pansonga ya chitenje, ngongole tinkasunga m'mutu.

Zonsezi zinaima pa 27 Malichi 2020, pamene boma la kuno linalamula kuti aliyense akhale m'nyumba chifukwa cha Covid-19. Malire anatsekedwa, mabasi anasiya kuyenda. Ambiri a ife tinadya mpamba. Amene anatidzutsa ndi ana athu. Anatiphunzitsa kujambula katundu, kulemba mtengo n'kuika pa WhatsApp. Poyamba tinkachita manyazi, tinkati n'zachibwana. Lero kasitomala amaitanitsa Lachitatu, ife n'kukapereka Loweruka, ndipo timaoda zokhazo zomwe zili ndi mwini kale. Katundu wowolera m'nyumba anachepa.

Kenako makasitomala anayamba kubwera opanda ndalama m'thumba. Munthu wasankha nsomba, akufunsa makina a khadi, ife tilibe, iye ulendo. Ena mwa ife tinagula timakina ta Yoco, ena timalandira kudzera pa PayShap yomwe inayamba mu 2023. Koma dziwani kuti makina a khadi amadula kangachepe pa malonda aliwonse, choncho muziwerengera zimenezo poika mtengo. Chenjeraninso ndi akathyali. Mnzathu wina anaonetsedwa chithunzi pafoni chosonyeza kuti ndalama yatumizidwa, n'kupereka zitenje khumi. Ndalamayo mpaka lero sinalowe. Lamulo lathu tsopano ndi lakuti katundu sachoka m'manja tisanaone tokha ndalama mu akaunti yathu.

Phunziro lowawa kwambiri linachokera kumudzi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ife tinali titatumiza mabulangete ndi nsapato kumudzi pangongole, mtengo titagwirizana m'makwacha. Pobweza, R100 iliyonse inabwerako pafupifupi R70. Palibe amene anatibera, koma thumba linabooka. Amayi a kumudzi, sitikukuimbani mlandu, inunso mitengo inakupwetekani. Kungoti kuyambira pamenepo timalemba mtengo m'marandi, ngongole sipitirira mwezi, ndipo tisanatumize ndalama timayerekeza kaye Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa kuti tione komwe kwacha zituluke zambiri tsiku limenelo.

Msika wa zovala nawo wasintha. Kale tinkaoda ku Dragon City n'kugulitsa mosavuta. Lero atsikana amadziitanitsira okha pa Shein ndi Temu, ali chogona pabedi. Sitingapikisane nawo pamtengo. Tinakhala pansi n'kufunsana kuti, kodi n'chiyani chimene foni singawabweretsere? Yankho linali kondowole, mfutso, thobwa lozizira, ndi diresi la chitenje losokedwa molingana ndi thupi la mwini wake. Tinabwerera kumeneko, ndipo mpamba unayambanso kuzungulira.

Za malamulo tisazinyozere. Mu Novembala 2024, ana atamwalira ku Naledi ku Soweto chifukwa cha zakudya zomwe zinali ndi poizoni, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti masipaza ndi onse ogulitsa zakudya alembetse ku makhonsolo awo. Ife ogulitsa usipa ndi ufa nkhaniyi ikutikhudza. Mapepala azikhala m'malo, posungira chakudya pazikhala paukhondo, mankhwala a makoswe azikhala kutali.

Tsono tili ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu. Loyamba, pa masheya athu tipatuleko kathumba kobwereketsa mayi amene akufuna foni yabwino kapena makina a khadi, pachiongoladzanja chochepa. Foni lero ndi benchi lathu logulitsira. Lachiwiri, pamsonkhano uliwonse tipatule theka la ola loti wodziwa aphunzitse mnzake, kaya kulemba malonda m'kope, kaya kusunga nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Safunsa anadya phula. Lachitatu, kope lisatayidwe chifukwa choti kwabwera foni. Mu 2023 magetsi ankazima maola ambirimbiri, mafoni n'kuthima, koma kope la msungichuma wathu silinathe batire.

Amayi, sitinabwere ku Joni kudzaona nyumba zosanja. Kumudzi kuli ana a sukulu, makolo okalamba ndi nyumba zodikira malata. Chaka chamawa kubweranso china chimene lero sitikuchidziwa. Amene ayambe kuchimvetsa asachibise, adzatiuze tonse.