Mtima Wosakhazikika Si Ufiti, Thandizo Lilipo

 

Pa ntchito yanga ya uphungu ndimakumana ndi achinyamata amene anthu anatopa nawo. M'mawa akukukonda zedi, madzulo ndiwe mdani chifukwa wachedwa kuyankha uthenga wa pafoni. Amaopa kusiyidwa kuposa china chilichonse. Akapsa mtima saona kutsogolo, ukali ukatha amayamba kudzida, ena mpaka kudzivulaza kapena kuganiza zodzipha. Kunyumba amati ndi mwano, ena amati walodzedwa.

Achipatala amalitchula vutoli m'Chingerezi kuti borderline personality disorder. Ine ndizingoti vuto la mtima wosakhazikika. Koma tisachoke pano n'kumakalozana zala ayi. Si aliyense wa mtima wapachala ali nalo. Limakhala la zaka, losokoneza sukulu, chibwenzi ndi ntchito, ndipo wotsimikiza kuti ndi lomwelo ndi wachipatala amene anaphunzira za matenda a maganizo.

Limabwera bwanji? Ena amabadwa ndi mtima womva kuwawa msanga komanso wochedwa kuzizira. Mwana wotere akakulira pamalo pomwe akalira amangouzidwa kuti "khala chete, ukunama," kapena pomwe amamenyedwa ndi kugwiriridwa, saphunzira kudzitonthoza. Tonse tikuwadziwa ana amasiye amene anakula chaka chino kwa amalume, chaka chamawa kwa azakhali. Mwanayo akakula n'kumaopa kutayidwa, tidabwe? Ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ife a makalabu, chifukwa munthu wotere amatha kulola kugonana popanda kondomu pongoopa kuti chibwenzi chingathe, kapena kusiya kumwa ma ARV chifukwa wakangana ndi amayi ake.

Palibe piritsi lochiza vutoli palokha. Chimene chimathandiza ndi uphungu wophunzitsa maluso. Njira yodziwika kwambiri imatchedwa DBT, ndipo anaiyambitsa mayi Marsha Linehan a ku University of Washington ku America, omwe anatulutsa mabuku ake mu 1993. Mu 2011 mayiwa anaulula kuti iwonso ali mtsikana anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo kwa zaka zoposa ziwiri chifukwa chodzivulaza. Mfundo yawo ndi ya mbali ziwiri: dzilandire monga ulili, komanso limbikira kusintha. Pa chipatala cha McLean ku America komweko, akatswiri anatsatira odwala 290 kwa zaka 10, ndipo mwa 100 alionse, 93 anakhalapo zaka ziwiri kapena kuposerapo vutoli litazilala. Kupeza ntchito ndi mabwenzi okhazikika n'komwe kunkachedwerapo, zimenezi ndisakubisireni.

Tsono maluso ake. Mtima ukafika poyaka, si nthawi yoganiza, yambani ndi thupi. Thirani madzi ozizira a mumtsuko m'beseni, gwirani mpweya, viikani nkhope kwa masekondi 20 kapena 30. Thupi limachepetsa lokha kugunda kwa mtima. Amene ali ndi matenda a mtima asachite zimenezi. Ngati madzi palibe, thamangani kuzungulira bwalo la mpira mpaka thukuta, kenako pumani pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka.

Mukazizirako, tchulani dzina la chimene mukumva. Kodi ndi mkwiyo, manyazi, kapena mantha oti akusiyani? Nthawi zambiri pansi pa mkwiyo pamakhala mantha. Kenako dzifunseni: chachitikadi n'chiyani? Chachitika n'choti mnzanu sanayankhe foni kwa maola atatu, basi. Zoti wapeza wina, zimenezo mwawonjezera nokha. Mwina magetsi azima foni yathera moto, mwina alibe mayunitsi, mwina ali pamzere pa mjigo. Uthenga woti "chibwenzi chatha" ulembeni papepala, pepalalo ligone. Kukacha muliwerengenso, muone ngati mukufunabe kuutumiza. Luso limeneli ndimalikonda chifukwa silifuna ndalama, ndipo aliyense wa ife muno likhoza kumupulumutsa ku manyazi.

China ndi kuchita zosiyana ndi zimene mtima ukulamula. Ukati dzitsekere m'nyumba, pitani ku kwaya kapena ku netibolo. Kachasu ndi chamba zimatonthoza usiku umodzi, mawa moto umabwerera wochuluka. Kugona mokwanira ndi kudya pa nthawi yake n'kofunikanso, munthu wanjala sachedwa kupsa mtima.

Inu anzake, musamati "ukungofuna anthu akuone." Nenani kuti "ndikuona kuti zakuwawa," ngakhale simukugwirizana ndi zimene wachita. Muli ndi ufulu woika malire: "ukandinyoza ndichoka, ukazizira tikambirana," ndipo mubweredi. Akatchula zodzipha musaseke, musamusiye yekha, chotsani mankhwala oopsa m'nyumbamo, uzani wamkulu amene mumamukhulupirira ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chinsinsi chotere sitisunga.

Kuno ku Lilongwe yambirani pa chipatala chaching'ono monga cha Kawale kapena cha Area 25, akutumizani koyenera. Ku Area 43 kuli a St John of God, omwe alinso ku Mzuzu, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. A kumidzi, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena namwino wa matenda a maganizo pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Maluso awa salowa m'malo mwa phungu, ndipo safuna kuyamba kuwayesa pa tsiku la mkangano. Ayeseni muli bwinobwino kuti thupi lizolowere.

Wapampando, tabweretsani beseni la madzi, ndikufuna anthu awiri olimba mtima abwere kutsogolo kuno tiyesere limodzi.