Mawu a Mnzathu Wofulula Vinyo pa Msonkhano wa Pachaka



Nditafika ku Stellenbosch, ku South Africa, ntchito imene ndinapeza inali yotsuka migolo m'nyumba yofululiramo vinyo. Mgolo umodzi umalowa malita 225. Tsiku lina ndinatsuka mwaulesi, ndipo patapita miyezi vinyo wa mumgolomo anasasa ngati viniga. Bwana sanandichotse ntchito, koma anandimwetsa kapu yathunthu. Apo m'pamene ndinakumbukira sayansi ya pasukulu pano: yisiti amasandutsa shuga kukhala mowa, koma tizilombo totsalira mumgolo tikapeza mpweya timausasitsa.

Nthawi yothyola mphesa, cha mu February ndi March, tulo tinkangotilawa. Ndinapirira, kenaka ndinakaphunzira ku koleji ya Elsenburg. Lero ndimalangiza eni minda. Ndimagulanso mphesa za Chenin Blanc n'kufulula vinyo wa dzina langa, ngakhale munda ndilibe.

Akandiitana kukalangiza, ndimayamba ndanunkhiza migolo yopanda kanthu, chifukwa wotsuka ndiye asunga vinyo. Choncho ana athu akayambira pa ntchito yonyozeka, tisawaseke.