Mawu a mlendo wolemekezeka popereka zida kwa gulu lopulumutsa anthu pamadzi ku Phalombe

 

Kuno ku Phalombe za madzi sitichita kuuzidwa. Akuluakulu mukukumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kutsitsira miyala ndi matope m'midzi. Ana athu anadzionera okha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, makamaka kwa Nkhulambe. Paja madzi saiwala khwawa, ndiye achinyamata tikuwapatsa zida lerowa tidzawafuna ndithu.

Pa zida zili patebulopa ndilankhulepo za chimodzi, masiki yophimba nkhope yonseyi. Alendo opita ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay kukaona nsomba za mbuna amavala magalasi ophimba maso ndi mphuno basi, chopumira n'kuluma ndi mano. Kumeneko madzi ndi oyera mbee, ndipo zimenezo zimawakwanira. Madzi athu kuno ndi ena. Ku nyanja ya Chilwa, ku dziwe la Mpoto, mumtsinje wa Phalombe mvula ikagwa, munthu ukangomira suona ngakhale chikhatho chako, umafufuza ndi manja. Madziwo amakhala atakokolola zimbudzi ndi ziweto zakufa, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Masiki iyi imatseka maso, mphuno ndi pakamwa pamodzi, uve sulowa. Woivala amapuma ndi mphuno ngati ali pamtunda, ndipo ikakhala ndi choyankhulira amauza anzake a m'bwato zimene wagwira. Atati wakomoka pansipo, mpweya suchoka pakamwa pake, pomwe uja woluma ndi mano amangochilavula.

Komatu musatengeke ndi maonekedwe. Masiki imasankhidwa ndi nkhope ya mwini wake. Aliyense aivale, amange malamba kuyambira a m'munsi, alowe pamadzi osaya aone ngati ikudontha. Inu anyamata osunga ndevu, pepani, lumo likuyembekezani, chifukwa labala sagwira bwino pa ndevu. Muyesenso kachotsekera mphuno kali m'katimo. Zala sizifika pamphuno, choncho kakapanda kukhala bwino simutha kutsegula makutu potsika, ndipo amapweteka koopsa.

Inu ogula katundu ku khonsolo, chenjerani ndi masiki zotchipa za pulasitiki zokhala ndi kapaipi pamwamba pa mutu, zodzadza pa intaneti zija. Zimenezo n'zosambirira pamwamba pa madzi, sizilumikizidwa ku silinda ya mpweya, ndipo zosapangidwa bwino zimasunga mpweya woipa umene munthu wapuma kale. Musanalipire, funsani wogulitsayo kuti adzaikonza ndani ikaonongeka, ndipo zosinthira zake zidzachokera kuti. Tatopa kuona zida zabwino zikuolera m'sitolo chifukwa cha kalabala kamodzi.

Achinyamata inu, zoloweretsani thupi kuvula masiki muli pansi pa madzi, n'kuvala magalasi apadera ndi chopumira china, mutatsinzina. Bwerezani mpaka manja azichita okha. Pokwera musamagwire mpweya m'chifuwa. Ngakhale pa Chilwa, nyanja yosaya imene inaphwa mu 1995, mpweya wa m'silinda umafufuma pokwera ndipo ungang'ambe mapapo. Wolowa pansi akhale ndi chingwe, wina atachigwira pamtunda, wachitatu atavala kale zida. Mukatuluka, tsukani masiki ndi mankhwala musanapatse mnzanu.

Mafumu anga, pempho langa lalikulu lili kwa inu. Munthu akamira, abale amalira, khamu limakuwa kuti anyamata alowe msanga. Mtsinje ukamathamanga ndi mitengo ndi miyala, palibe masiki imene ingateteze munthu. Mtsogoleri wa gulu akanena kuti lero salowa, imani kumbuyo kwake, ndipo muwafotokozere anamfedwa inu eni ake. A khonsolo, ikani mu bajeti ndalama zodzazira masilinda ndi zokonzera zidazi chaka chilichonse.

Ndi mawu amenewa, ndikupereka zidazi m'manja mwa gululi.