Ndere ndi bango: kumene nsomba zathu zimakulira

 Lero pa nkhani za chilengedwe tikambirana za zomera zimene ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa timaziyesa zinyalala: ndere, bango ndi udzu wa m'dambo. Mfundo yathu ndi yakuti nsomba zimene timadya zimaleredwa m'zomera zimenezi, choncho wozitha akutha ndiwo za mawa.

Umboni woyamba tiutenge kutali, kwa anthu oweta nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali m'mathanki agalasi. M'thanki madzi amangozungulira momwemo, motero ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimawola n'kusanduka nayitireti ndi fosifeti, michere yomwe ija imapezeka mu feteleza. Ikachuluka, makorali amafooka. Pofuna kupewa zimenezi, alimiwa amalumikiza kathanki kena pambali, kotchedwa refugium, komwe nsomba sizilowa. Amaikamo ndere ya mtundu wa Chaetomorpha, yaulusi wobiriwira wopiringizana, n'kumayiunikira ndi getsi, nthawi zambiri usiku. Madzi akamadutsamo, ndere imayamwa michere ija n'kumakula, ndipo mwini thanki akazula gawo lina n'kukataya, zoipazo zimatuluka nayo limodzi. M'kati mwa ulusiwo mumaswana tizilombo ting'onoting'ono popanda wotidya, ndipo tina timatengedwa ndi madzi kupita kuthanki lalikulu kukadyetsa nsomba. Anthuwa amalipira pampu ndi magetsi kuti apeze zinthu ziwiri: chosefa madzi ndi malo obisalamo tamoyo tating'ono.

Ife zonse ziwirizi tili nazo mwaulere. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsika ofiira, atanyamula dothi la m'minda, ndowe za ziweto ndi feteleza wokokoloka. Akafika m'dambo amachepa liwiro, matope amakhazikika pansi, mizu ya bango ndi udzu imayamwa michere, ndipo amakatuluka kumunsi ali oyera. Nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza damu litatsekedwa mu 1974, ndi yaitali makilomita oposa 200, koma ana a nsomba zambiri sakulira pakatikati pake. Kumeneko n'kwa kapenta, amene anachokera ku nyanja ya Tanganyika kudzera ku Kariba. Pende wamkazi amasunga mazira m'kamwa, kenako amakalavula ana ake m'madzi osaya, m'maudzu, kumene mcheni amavutika kuwalondola ndipo amalephera kuwatha. Mlamba umadikira mvula, n'kukwera m'malo osefukira kukaikira mazira amene amamatirira pa udzu. Imani m'mawa pagombe muyang'ane m'tsinde mwa bango: muona timwana ta nsomba tochepa ngati njere za mpunga tikutola tizilombo pa ndere. Neti ya udzudzu ikakokedwa pamalo amenewa, imachotsa m'mawa umodzi nsomba zimene zikanadzaza mabwato chaka chamawa.

Wina anena kuti m'maudzu momwemo ndi mmene mumabisala ng'ona, udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe amene akuletsa kulambula padooko pamene amayi amatunga madzi ndi ana amasamba. Koma dooko ndi kamalo kochepa, sichifukwa chootchera gombe lonse. Nkhono siyibadwa ndi likodzo. Imalitenga munthu wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi. Mankhwala ake ndi zimbudzi, mijigo ndi mapiritsi a kuchipatala. Ndiponso nsomba zazing'ono za m'maudzumo zimadya mphutsi za udzudzu, pamene zithaphwi zopanda nsomba ndiye zimaswa udzudzu wambiri.

Wina atikumbutsa za namasupuni, chomera chochokera ku South America chimene chimatseka mtsinje wa Shire ku Malawi mpaka kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Oweta nsomba m'mathanki nawonso ali ndi nkhani yotere: ndere ya Caulerpa taxifolia, yomwe inkakongoletsa mathanki, inapezeka m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Monaco mu 1984, ndipo inafalikira n'kuphimba zomera za kumeneko. Nkhani ziwirizi sizikutsutsa mfundo yathu. Zikutiphunzitsa kusiyanitsa chomera chobwera, chopanda chochidya, ndi cha kwathu chimene chinazolowerana ndi nsomba, mbalame ndi mvuu. Namasupuni azulidwe, aunjikidwe kumtunda, akhale manyowa. Ngakhale bango lifunika kudulidwa, monga momwe mwini thanki amapatulira ndere yake. Wodula bango la mphasa m'chilimwe n'kusiya mizu akuthandiza dambo, chifukwa limaphukanso n'kuyamwa michere ina. Wowononga ndi amene amazula ndi mizu yomwe, kuotcha chaka ndi chaka, kapena kulima dimba mpaka m'madzi.

Pempho lathu likupita kwa mafumu, magulu a asodzi ndi eni madimba. Siyani mpata wa udzu ndi bango pakati pa dimba ndi madzi. Gwirizanani pamudzi za magombe amene sadzaponyedwa khoka nyengo ya dzinja, pamene nsomba zikuswana. Neti ya udzudzu ibwerere kuchipinda chogona.