Mankhwala Atsopano a Ululu Wosatherapo: Afika Pati?



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za umoyo, ndipo ine ndasankha nkhani ya ululu. Pa msinkhu tafikawu ndi ochepa mwa ife amene alibe kholo kapena mbale wodandaula msana, nyamakazi, kaya mapazi otentha ngati waponda makala. Madokotala amati ululu ukapitirira miyezi itatu ndiye kuti wasanduka nthenda payokha. Tsono mankhwala amene tili nawo ali ndi zovuta zake. Brufen ndi diclofenac, munthu ukamamwa nthawi yaitali, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Morphine ndi abale ake ndi amphamvu ndithu, koma thupi limawazolowera. Ku America m'chaka cha 2022 chokha anthu oposa 80,000 anafa ndi mankhwala a mtundu umenewu, ambiri mwa iwo ogulidwa mozembera lamulo.

N'chifukwa chake akatswiri ali kalikiriki kufunafuna ena. Mankhwala asanamwedwe ndi munthu amayamba ayesedwa mu labotale, pa maselo ndi pa nyama, makamaka makoswe ndi mbewa. Sindikunena mbewa zapani zimene timagula m'mbali mwa msewu ayi. Izi n'zoweta, ndipo zimadya bwino kuposa mmene tinkadyera ife ku hositelo. Vuto lake n'lakuti mbewa siyankhula. Kuti adziwe ngati ikumva kuwawa amaikhudza kuphazi ndi kaulusi kolimba, kapena kuiika pa chitsulo chofunda, n'kuwerenga nthawi imene ipite isanachotse phazilo. M'chaka cha 2010 gulu la Jeffrey Mogil pa yunivesite ya McGill ku Montreal linaonetsa kuti ululu wa mbewa umaoneka pankhope: kutsinzina kwa maso ndi kaimidwe ka makutu ndi ndevu. Mu 2015 gulu lomwelo linapeza kuti ululu suyenda njira imodzi mwa mbewa zazimuna ndi zazikazi, pamene kwa zaka zambiri ofufuza ankagwiritsa ntchito zazimuna pafupifupi zokhazokha. Chonsecho amene amavutika kwambiri ndi ululu wosatherapo ndi amayi. Kwa ine, kuchotsa phazi kwa mbewa ndi kusagona tulo kwa mayi wa nyamakazi n'zinthu zotalikirana kwabasi.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya ku Pakistan. Kumeneko kunali mnyamata amene ankadzibaya mipeni m'mikono ndi kuyenda pa makala amoto kuti anthu oonerera amupatse ndalama. Sankamva kuwawa kulikonse. Iye anamwalira atadumpha kuchokera padenga la nyumba, ali ndi zaka pafupifupi 14. Geoffrey Woods wa ku Cambridge ndi anzake anapima ana asanu ndi mmodzi a m'mabanja atatu a m'dera lomwelo, ndipo mu 2006 analengeza kuti mitsempha ya anawo ilibe kakhomo kena kotchedwa Nav1.7, kamene uthenga wa ululu umadzera. Makampani anathamangirako. Anati tikapanga mankhwala otseka kakhomoka, ululu watha. Pa nyama zinalonjeza. Pa anthu, mankhwala angapo anayesedwa ndipo anagwa mphwayi nawo.

Za tsabola zinateronso. David Julius anapeza mu 1997 chimene chimachititsa kuti kambuzi awawe pakamwa, ndipo mu 2021 analandira nacho mphoto ya Nobel. Koma mankhwala oyamba otseka njira imeneyo anatenthetsa thupi, ndipo ena owamwa sankazindikira msanga kuti chinthu chikuotcha. Mankhwala ena otchedwa tanezumab anachepetsadi ululu wa nyamakazi, koma odwala ena mfundo zawo zinaperepeseka mofulumira, mpaka eni ake, Pfizer ndi Lilly, anawasiya mu 2021.

Chatulukapo chilipo. Mu January 2025 boma la America linavomereza suzetrigine, wa kampani ya Vertex, amene amatseka kakhomo kachibale kotchedwa Nav1.8 ndipo sali m'gulu la morphine. Koma mvetsetsani: anamuvomereza pa ululu wa kanthawi, monga wa pambuyo pa opaleshoni. Atamuyesa pa odwala msana wotsikira m'mwendo mu 2024, sanapose mapiritsi opanda mankhwala amene amapatsa gulu lina pofananitsa. Mtengo wake potuluka unali madola 15.50 piritsi limodzi. Muwerengere nokha m'makwacha.

Ndiye anzanga, mukalandira uthenga pa WhatsApp wakuti mankhwala othetsa ululu apezeka, yambani mwafunsa kuti anayesedwa pa mbewa kodi kapena pa anthu, musanatumize ndalama kwa wamalonda. Kholo limene likumwa Brufen tsiku ndi tsiku mupite nalo kuchipatala akalipime impso. Ndipo mbale wodwala khansa adokotala akamulembera morphine wamadzi, chonde musamubisire botolo poopa nkhani za ku America zija. Pa mlingo umene adokotala anena, mankhwalawa amamuthandiza kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake.