Thupi limaphunzitsika: nkhani ya mtedza ndi makanda 640

Sabata yatha tinakamba za katemera, yemwe amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kumenya mdani. Lero ndikufuna tione mbali inayo: kuphunzitsa chitetezocho kuti chisamamenye chinthu chosalakwa. Madokotala amati immune tolerance.

Alipo ana amene mtedza umawawenga koopsa. Akangolawa, milomo kutupa, kubanika, ena mpaka kufa. Ku Britain ndi ku America makolo ankalangizidwa kuti mwana amene ali pachiopsezo asamupatse mtedza adakali wamng'ono. Zinkamveka zanzeru. Koma gulu la Pulofesa Gideon Lack wa ku King's College London linaona kuti ana achiyuda a ku Britain ankawengedwa kuwirikiza pafupifupi kakhumi kuposa anzawo a ku Israel, komwe makanda amadya msanga kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba.

Kungoona sikokwanira. Anachita kafukufuku wotchedwa LEAP mogwirizana ndi bungwe la Immune Tolerance Network la ku America. Anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, onse odwala khungu kwambiri kapena owengedwa ndi mazira. Anawagawa mwa maere: ena azidya mtedza pafupipafupi, ena asaukhudze mpaka zaka 5. Tangoganizani mayi amene wakhala akuuzidwa kuti mtedza ndi woopsa, lero akuvomera kuti maere asankhe. Ine anthu amene ndimawavulira chipewa pankhaniyi ndi makolowo.

Zotsatira zinatuluka mu 2015. Mwa ana opewa, pafupifupi 17 pa 100 alionse anayamba kuwengedwa. Mwa odya, atatu okha. Malangizo akale aja ankawonjezera vuto lomwe ankafuna kuthetsa! Anawo anawatsatirabe mpaka atapitirira zaka 12, ndipo chitetezocho chinalipobe.

Ndikuona ena mukumwetulira kuti agogo anayamba kalekale kuthira nsinjiro m'phala la mwana. Eya. Koma mafunso awiri ndiyankhiretu. Khanda musalipatse mtedza wathunthu, lingatsamwidwe. Nsinjiro kapena chiponde chosungunulira m'phala basi, cha mtedza wopanda chuku. Ndipo ngati mng'ono wanu ali ndi vuto lalikulu la khungu, kapena anatupapo atadya china chake, musayesere kunyumba. Makanda a LEAP aja anayamba ayezedwa kaye, ndipo ena amene khungu lawo linatupa kwambiri poyezedwa sanawalowetse n'komwe. Pitani nayeni kuchipatala.